Mpira Woyera Sunabwerere

Tebulo la pulu lili ndi mimba. Amene sanasewerepo amangoona nsalu yobiriwira ndi maenje a m'mbali, osadziwa kuti pansi pa nsaluyo pali tinjira ta matabwa momwe mpira ukagwa umagubuduka mpaka kukagona pamzere ndi anzake, kudikira kuti wina aponye tokeni yolipirira masewera. Mpira woyera wokha ndiwo sugona m'mimbamo. Ukagwa umatsata kanjira kakekake n'kutulukira pa kabowo ka kumutu kwa tebulo, wosewera n'kuutola, masewera n'kupitirira.

Amake Kachoko ankaidziwa bwino mimba imeneyi, poti anayamba kusesa pansi pa tebulolo ali mtsikana wongokwatiwa kumene. Nyumba ya pulu inali ya amuna awo: chipinda chachitali pakati pa shopu ya wometa ndi ya telala, matebulo awiri, benchi, ndi kanema wopachika pakhoma. Amunawo atamwalira anthu ankayesa kuti mayiwo agulitsa malowo, koma sanagulitse. Kungoti chichitikireni maliro aja, m'mawa uliwonse akatsekula chitseko, dzuwa litatuluka kale, tsache lili m'manja, ankamva mpira ukugubuduka m'mimba mwa tebulo lakale la kumapeto, pang'onopang'ono, ngati wina wangougwetsa kumene. Akayang'ana, m'chipindamo mulibe ndi mphaka yemwe. Sanauze munthu. Mkazi wamasiye akanena zoterezi, anthu amayamba kumulankhula mokweza ngati wagontha.

Amuna awowo anthu ankawatchula kuti Mlosi, ndipo silinali dzina lachipongwe. Chaka chilichonse kumakhala mpikisano waukulu wa akatswiri a pulu, aja amadyera ndodo osagwira ntchito ina, ovala timawesikoti ndi nsapato zonyezimira, amene enafe timangowaonera pa kanema. Akatsala asanu ndi atatu, Mlosi ankachotsa anyamata pa tebulo lakale lija, n'kusankha mipira isanu ndi itatu, uliwonse n'kuutchulira mwini wake. Ankaiswa ndi woyera, kenako n'kumaigwetsa umodziumodzi. Lamulo lake linali limodzi: sasankha nkhope, amamenya mpira umene wayandikana ndi woyera, kaya ndi wa katswiri wa pamtima pake kaya ndi wa amene amamunyansa. Wotsala wokha pansalu, mwini wake ndiye atenge chikho. Kugwetsa mpira kumeneku anyamata ankakutchula kuti kuika maliro, moti mpira ukangolowa m'dzenje onse ankavula zipewa, kuweramitsa mitu, kenako n'kufa nacho chiseko. Zachibwana, inde. Koma Mlosi analakwitsapo kangati? Wometa amati sanalakwitsepo. Telala amati kamodzi, ndipo kamodziko n'chifukwa choti wometa anatsamira tebulo.

Kuseka kunamuthera Mlosi chaka chimene mnzake wa paubwana, Wamanzere, amene anaphunzira naye kugwira ndodo, anafika nawo pa asanu ndi atatu aja. Mlosi anamupatsa mpira monyadira, ndipo mpirawo ndiwo unayamba kugwa. Anavula chipewa, anaseka mpaka misozi, n'kumuimbira foni mnzakeyo kuti takuika kale m'manda, ingonyamula katundu uzibwera. Wamanzere anagonjadi, ananyamukadi, koma kwawo sanafike. Basi imene anakwera inagubuduzika panjira. Chipewa chomwe chija Mlosi anakachivulanso pa manda enieni.

“Bambo ake a Kachoko,” mkazi wake ankamuuza, “chaka chilichonse mumagwetsa anthu asanu ndi awiri, ndipo onsewo ali moyo, akungonenepa.”

“Amenewo sindiwadziwa,” Mlosi ankayankha. “Mlendo ndimangomugwetsa. Wanga ndimamuika.”

Kachoko anali mwana wawo mmodzi yekhayo. Dzinalo analitola akukwawa, chifukwa chodya choko chopaka kunsonga kwa ndodo mpaka mlomo wonse kusanduka wabuluu. Anakulira pansi pa matebulo, anayamba kusewera ataima pa kreti, anaposa abambo ake, anaposa onse a m'deralo, mpaka naye anavala kawesikoti n'kumaoneka pa kanema. Tsiku limene anafika koyamba pa asanu ndi atatu, m'nyumba ya pulu munadzaza mpaka ena kusuzumira pazenera. Kachoko anaimba foni, wometa n'kuikweza mawu, n'kuiika m'mbali mwa tebulo kuti mnyamatayo adzimvere yekha abambo ake akumutchula. Mlosi anaika mipira isanu ndi iwiri.

“Ababa, nanga wanga uli kuti?” anafunsa mawu a pa foni.

“Iwe ulibe mpira.”

Basi, n'kuwerama n'kuswa. Zopsetsa mtima bwanji! Mawu awiri ofotokozera mwana akanamuchotsera chiyani munthu uja? Koma pali amuna ena amene amaona ngati kufotokoza za mumtima n'kuvula malaya pamsika. Amake anayesa kumuuza mnyamatayo pambuyo pake za Wamanzere, iye anangoti, “Musawaphimbire, amayi. Sandiwerengera, basi.” Chaka chimenecho anagonja, ndipo kwawo sanabwererenso. Mlosi atadwala amake anamutumizira uthenga, sanabwere. Atamwalira anamutumiziranso, anangoyankha kuti ali kutali. Amake Kachoko anaika amuna awo popanda mwana woima pambali pawo, ndipo zimenezi zinkawapweteka kuposa maliro enieniwo.

Ndiye chaka chino wometa analowa akuthamanga, lumo likadali m'manja, kasitomala atamusiya pampando mutu uli mbali imodzi.

“Alamu, mwamva? Mwana walowanso! Ali pa asanu ndi atatu!”

“Ndamva,” anatero mayiwo, akupukuta benchi imene anali atapukuta kale.

“Ndiye ndodo ya Mlosi isagone chaka chino. Woigwira akhale wa m'nyumba momwemo, ndipo wa m'nyumba watsala ndinu.”

“Ine ndimagwira tsache, alamu. Kametereni munthu uja asanakuthaweni.”

Akanakana mpaka mapeto, chikhala kuti foni sinalire masana omwewo. Mawu a mwana wawo anali asanawamve chimwalirireni abambo ake. Anakhala pansi pa benchi.

“Amayi, ndamva kuti chaka chino mulosera ndinu.”

“Wamva kwa ndani, mwana wanga? Uli bwanji? Ukudya?”

“Ndili bwino. Mundipatse mpira.”

“Iwe, za Wamanzere zija sunaiwale.”

“Wamanzere anafa ndi basi, amayi, sanafe ndi tebulo. Mundipatse mpira ngati munthu aliyense. Mukandimana ngati mmene anachitira amuna anu aja, ndidziwa kuti kumeneko ndilibe kwathu.”

Amuna anu aja. Mwana kutchula abambo ake ngati munthu wobwereka naye njinga. Foni itaduka, amake Kachoko anakhala nayo pamwendo, atagwira njakata. Akamumana mpira, amutaya ali moyo. Akamupatsa, mwina amutaya monga anatayikira Wamanzere. Zaka zonse zija iwo ndiwo ankaseka mantha a amuna awo, koma lero mantha omwewo anali atawakhala pachifuwa, ndipo anazindikira kuti kuseka n'kosavuta ndodo ikakhala m'manja mwa wina.

Mawa lake masana anatsitsa ndodo ya malemu pa misomali yake. Kogwirira kunali kutada ndi thukuta la zaka zambiri, malo a zala akuonekabe. Anthu anadzaza monga kale. Telala anatchula mayina, wometa akuika mipira. Wakuda anaupereka kwa Wamagalasi, katswiri amene anatenga chikho chaka chatha, wosaseka uja. Otsalawo anagawana mitundu ina. Utatsala wabuluu, onse anayang'ana mayiwo.

“Umenewo ndi wa mwana wanga,” anatero. “Ndi mtundu wa mlomo wake.”

Anyamata anaimba m'manja. Iwo sanasekerere.

Kunena zoona, amake Kachoko sanali wosewera. Kuswa kwawo kunangobalalitsa mipira ngati nkhuku zaona mthunzi wa kabawi, ndipo kuti woyamba ugwe panapita nthawi yoti telala akanasoka buluku n'kuikako ndi mabatani. Utagwa, zipewa zinavulidwa, chiseko chinabuka, wometa n'kuyamba nyimbo ya maliro ndi mawu a tambala wodwala. Wachiwiri unagwa, wachitatu unatsatira. Nthawi iliyonse woyera ukaima, maso a mayiwo ankathamangira kwa wabuluu kuti aone ngati wayandikira, ndipo nthawi iliyonse pakati pawo pankapezeka mpira wina wofera mnzake. 

Wachisanu ndi chimodzi unagwa movuta. Usanalowe unagunda wabuluu, ndipo wabuluuwo unayenda mwaulesi mpaka kukaima pakamwa penipeni pa dzenje la pakona, theka lake likulendewera m'malere. Woyera unautsatira n'kudzaima kumbuyo kwake, pakati pawo pongokwana chala chimodzi. Wakuda unali uko kumapeto ena a tebulo, uli phee ngati sizikuukhudza.

Palibe anavula chipewa. 

“Khoswe wakhala pa mkhate,” telala ananong'ona.

“Lamulo ndi lamulo, alamu,” anatero wometa, koma maso anali pansi.

Amake Kachoko anawerama. Anaganiza zophonya dala, koma aphonya bwanji? Mpira unali poti ngakhale mpweya wa m'mphuno ukanaugwetsa. Anaona mlomo wabuluu wa khanda lija likuseka pansi pa tebulo lomweli. Anaona chipewa cha amuna awo chili m'manja pa manda a Wamanzere. Anakokera ndodo m'mbuyo, misozi ikutsikira pachibwano, n'kuikankha.

Ndodo inagwidwa kumbuyo. Sikunali kukodwa pa chovala kapena kugunda khoma, kunali kugwira kwa dzanja la munthu, kolimba koma kosapweteka, monga mmene amuna awo ankaigwirira powaphunzitsa ali mkwatibwi, ndipo fungo la sopo wawo wometera linawadutsa pakhutu. Nsonga inapatuka. Woyera unathawira kumbali osaukhudza wabuluu, unadutsa pansalu yonse n'kukalowa m'dzenje la pakati. Mayiwo anatembenuka, tsitsi likuchita nyaunyau. Kumbuyo kwawo kunalibe munthu. Pa pulu palibe amaima kumbuyo kwa womenya.

“Palibe kanthu, ubwera,” anatero wometa, akutchera dzanja pa kabowo ka kumutu kuja. “Mumenyanso.”

Onse anaumva ukugubuduka m'mimba mwa tebulo. Unayenda mpaka kumutu, unafika pafupi ndi dzanja la wometa, kenako unabwerera, pang'onopang'ono, kupita kumapeto kumene kulibe njira yotsetsereka, ndipo unakhala chete. Anadikira. Wometa anagogoda m'mbali. Anatenga kiyi n'kutsekula mimbayo: mipira isanu ndi umodzi inali itagona pamzere wake bwinobwino, woyera panalibe. Anapisa mkono mpaka paphewa, anaunika ndi foni m'tinjira tonse, anyamata ananyamula tebulo mbali imodzi mosamala kuti wabuluu usagwe. Mkatimo munamveka kugubuduka, koma sipanatuluke kanthu. Wabuluu nawo sunasunthe, ngakhale tebulo linapendekeka chotero. Apo anyamata ena anayamba kukumbukira kuti ali ndi zochita kunyumba.

“Tingotenga woyera wa tebulo linalo,” anatero wina.

“Tebulo ili asalikhudzenso munthu,” anatero amake Kachoko, ndipo mmene ananenera, palibe anatsutsa. Telala yekha, poopa mikangano ya mawa, anatulutsa choko chake chodulira nsalu n'kuchonga kamtanda pamene woyera unaima asanamenye.

Madzulo Kachoko anaimba.

“Watsala ndani, amayi?”

“Mwatsala awiri, iwe ndi Wamagalasi.”

“Ndiye malizani.”

“Woyera walowa osatuluka, mwana wanga. Tafufuza paliponse.”

Kachoko anaseka, kuseka kopanda chimwemwe. “Woyera sukhala m'mimba, amayi, ndinakulira pamenepo ine. Amuna anu aja bola ankakana poyera. Inu mwasankha bodza.” Foni inaduka, ndipo mayiwo ataimbanso inangolira osayankhidwa.

Mpikisano unapitirira, ndipo akatswiri anayamba kutuluka m'ndondomeko yeniyeni imene mipira yawo inagwera. Woyamba kugwa anali woyamba kulongedza. Wachiwiri anatsatira. Poyamba anyamata ankakuwa mokondwa, koma pofika wachinayi ankangoyang'anana, ndipo pa benchi yoyandikana ndi tebulo lakale panalibenso wokhalapo. M'mawa mayiwo akatsekula chitseko ankaima kumvetsera. Kugubuduka kuja kunali kutasiya chilowereni mpira woyera, ndipo anadabwa kuona kuti bata limeneli linkawaopsa kuposa phokoso lija.

Masewero omaliza anali a Kachoko ndi Wamagalasi. Anawaonetsa masana, m'nyumba ya pulu mutadzazanso, koma amake Kachoko anapatsa kanema nkhongo n'kumayang'ana mipira iwiri ija. Ankangomvera m'mawu a anthu. Mwana wawo anasewera bwino, onse anavomereza, anatsogola mpaka pafupi ndi mapeto, kenako mpira umodzi wosavuta unamukanira pakamwa pa dzenje. Wamagalasi anadzuka, anakonza magalasi ake n'kumaliza zonse osapumira. Anthu anatuluka mmodzimmodzi, ena akuwagwira mayiwo paphewa monga amachitira pa siwa.

Chikho iwo analibe nacho ntchito. Chimene ankadziwa n'chakuti tebulo silinaname, mwana wawo wagonja, ndipo tsopano ali panjira. Wamanzere nayenso anagonja kaye. Masiku otsatirawo foni ikalira ankayamba aona kaye woimba asanayankhe. Galimoto ikachita mabuleki pamsewu, tsache linkawagwa m'manja. Ankapita kukayang'ana wabuluu uja kangapo pa tsiku, n'kuupeza ukadali pakamwa pa dzenje, ukulendewera, ndipo ankayenda monyang'ama pafupi ndi tebulolo. Anauza ngakhale wometa kuti asamamenyetse chitseko cha shopu yake.

M'mawa wina akusesa, pakhomo panada. Anali Kachoko, ataonda, chikwama chachitali cha ndodo chili kumsana. Anali wamoyo, miyendo iwiri, manja awiri. Amake anafuna kumuthamangira, koma nkhope yake inawaimitsa.

“Wafika, mwana wanga.”

“Ndafika. Sindikhalitsa. Ndabwera kudzaona bodza lanu lija ndi maso anga.”

Anawadutsa n'kupita ku tebulo lakale. Anaima pamenepo manja ali m'thumba, akuyang'ana wakuda kumapeto uko, wabuluu pakamwa pa dzenje, ndi kamtanda ka telala kumbuyo kwake. Munthu wodyera ndodo tebulo amaliwerenga msanga. Anawerama, anatsinzina diso limodzi, anadzuka, anazungulira mbali ina n'kuweramanso.

“Woyera unali apa?”

“Pomwepo.”

“Ndipo munaphonya?”

“Ndinaphonya.”

“Amayi, apa ngakhale womangidwa nsalu kumaso sangaphonye. Ngakhale mutafuna kuphonya dala, simungathe. Mungakhudze basi.”

“Ndodo inagwidwa kumbuyo,” anatero mayiwo. Aka kanali koyamba kuuza munthu. “Ndinakupatsa mpira monga unanenera. Ndinamenya monga lamulo linenera, Mulungu andikhululukire. Koma mwini ndodo anakana.”

Kachoko sanaseke. Anayang'ana khoma la kumbuyo, kenako ndodo ija ili pa misomali yake, kogwirira kwakuda kuja.

“Ndiye tebulo linadziwa kuti ndigonja.”

“Linadziwa. Ngakhale chaka chija likanadziwa. Abambo ako sanakuyese wochepa, iwe. Ankaopa dzanja lawo lomwe. Anakana kukuika m'dzenje ali moyo, akananso ali uko.”

Mnyamatayo anayenda pang'onopang'ono mpaka kumutu kwa tebulo. Mwina sanaganize n'komwe, chinali chizolowezi cha paubwana, poti ntchito yake yoyamba padziko inali yotchera kadzanja pa kabowo kaja n'kuwatolera abambo ake mpira woyera. Anapisamo dzanja.

Kumapeto kwa tebulo, mkati, china chake chinasuntha. Onse awiri anamva. Chinagubuduka mosafulumira, kudutsa pansi pa wakuda, kudutsa pakati, kumveka pa mfundo iliyonse ya matabwa, mpaka chinadzagwera m'chikhatho mwake.

Anautulutsa. Unali mpira woyera, uli ndi chidindo cha chala chachikulu cha choko chabuluu pambali.

“Amayi,” anatero, mawu atachepa ngati a mwana, “ndi wofunda.”

Amake anaona mwana wawo akuyang'ana kamtanda ka telala, ndipo anaopa kuti auika pamenepo n'kumaliza yekha zimene zinatsala. Kachoko anaima nthawi yaitali, woyera ataufumbata pachifuwa. Kenako anatambasula dzanja linalo, anatola wabuluu uja pakamwa pa dzenje mosamala ngati dzira, n'kuuika m'thumba la malaya. Mapewa ake anayamba kugwedezeka.

“Amayi, ababa munawaika pati?”

Amake Kachoko anatsamiritsa tsache pakhoma, anatenga makiyi pa msomali.

“Tsitsa chikwamacho,” anatero. “Tiye ndikakuonetse, si patali.”